MAKOLO, MUSADIKIRE FOMU 4 KUTI MUBWERE NDI ZOLEMBERA KWA ABUSA

Lero ndalemba motalika, mundipirire. Ngati muli ndi mwana ku sekondale, kapena mwana amene wangosankhidwa kumene kupita ku Fomu 1, musadumphe mzere. Ngati bandulo ikutha, sungani uthengawu mudzawerenge madzulo mukaweruka kudimba.

Chaka chilichonse mayeso a MSCE akayandikira, tchalitchi chathu chimadzaza kuposa pa Khirisimasi. Amayi ena amachokera ku Nsaru, ena ku Kabudula, ena amalipira kabaza kuchokera ku Nambuma, mwana ali pambuyo ngati akupita naye ku sikelo. M'manja anyamula zolembera, rula, kakyuleta ndi chiphaso cha MANEB. "Abusa, tagwirani cholemberachi, mwanayu akuyamba Lachiwiri." Ine ndimagwira, ndimapemphera ndi mtima wanga wonse, ndipo sindidzasiya. Koma pa zaka zonse zimene ndatumikira kuno, sindikukumbukira kholo ngakhale limodzi limene linabwera mwana ali Fomu 1 n'kudzati, "Abusa, mwanayu akufuna kudzakhala namwino, tiyambire pati?" Tonse timadzidzimuka mayeso atafika pakhomo. Ndiye lero ndinene poyera: mwana amene adzapeze malo ku yunivesite ya boma amayamba kuwapeza ali Fomu 1. Pofika Fomu 4 zambiri zimakhala zitagamulidwa kale.

Ndikuuzeni za mtsikana wina wa mumpingo mwathu. Dzina sinditchula, koma wandilola yekha kuti ndifotokoze nkhani yake. Kwawo ndi mudzi wina pakati pa Mpingu ndi Namitete, kupatuka pang'ono pa msewu wa ku Mchinji. Ali Sitandade 7 anakadikirira mayi ake pa chipatala cha St Gabriel's kwa masabata awiri. Ataona mmene anamwino ankathamangira usiku ndi odwala, mtima wake unakhazikika pomwepo kuti nayenso adzavala yunifolomu yoyera. Anasankhidwa ku CDSS, ankayenda wapansi tsiku lililonse, mvula kaya dzuwa. Mu kwaya yathu sankajomba. Mwana wakhama, waulemu, woti kholo lililonse lingamusirire.

Zotsatira zitatuluka anapeza mapointi 15. Chichewa 1, Bible Knowledge 2, Chingerezi 3, Geography 3, History 3, Biology 3. M'mudzi munamveka nthungululu, bambo ake anapha mbuzi. Lamlungu anaima kutsogolo kuchitira umboni, ndipo ine ndinavina mpaka jekete kuvula. Kenaka bungwe la NCHE linalengeza kuti ofuna malo m'mayunivesite a boma atumize mapempho awo. Mtsikanayu anakhala pansi ndi mphunzitsi wake wakale, foni m'manja, kuyang'ana zofunika pa kosi ya unamwino. Kosiyo inkafuna Physics ndi Chemistry. Iye analibe zonse ziwiri. Anazisiya atangoyamba Fomu 3 chifukwa anzake anamuuza kuti, "Zimenezo n'zovuta, zimagwetsa mapointi, tenga zophweka ungokhoza bwino."

Anabwera kunyumba kwanga madzulo, anakhala pakhonde, mayi busa atamupatsa madzi osawamwa. Patapita nthawi anati, "Abusa, zaka zonsezi ndimakuuzani kuti ndikufuna unamwino. Bwanji simunandiuze?" Abale, ndinasowa chonena. Sindinamuuze chifukwa nanenso sindinkadziwa. Ndinali nditagwira cholembera chake, koma sindinamufunsepo ngakhale kamodzi kuti, mwana wanga, ukulemba maphunziro ati? Usiku umenewo ndi umene ndinayamba kufunsa aphunzitsi ndi ana athu amene ali ku yunivesite, kuti zimene zinamuchitikira iye zisachitikirenso wina ine ndikuyang'ana. Zimene ndinaphunzira ndi izi.

MMENE ZIMAYENDERA

Pa MSCE, phunziro lililonse limapatsidwa nambala kuyambira 1 mpaka 9. Wapeza 1 kapena 2, ndiye distinction. Kuyambira 3 mpaka 6 ndi credit. 7 ndi 8 ndi kungodutsa, 9 ndi kulephera. Mapointi amene timamva aja amawerengedwa pophatikiza maphunziro 6 amene mwana wakhoza bwino koposa, ndipo nambala ikachepa m'pamene mwana wachita bwino. Wokhoza kotheratu amapeza mapointi 6. Tsono mvetsani apa amayi: kupeza satifiketi ya MSCE ndi nkhani ina, kuyenerera yunivesite ya boma ndi nkhani inanso. Kuti pempho la mwana liganiziridwe n'komwe, pamafunika ma credit 6, ndipo Chingerezi chikhale m'gulu lomwelo. Mwana akhoza kukhala ndi 1 pa Masamu, 1 pa Biology, koma akapeza 7 pa Chingerezi, chitseko chatsekeka.

Mayunivesite a boma alipo 6. Pali University of Malawi ku Zomba, imene akuluakulu timaitchulabe kuti Chanco. Pali MUBAS ku Blantyre, imene kale inali Polytechnic. Pali KUHeS ya zaumoyo, imene inaphatikiza College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing. Zitatuzi zinali yunivesite imodzi mpaka 2021 pamene zinagawidwa. Pali LUANAR ya zaulimi kwathu konkuno ku Lilongwe, ku Bunda ndi ku NRC kumene timadutsa pafupi tikakwera minibasi ya ku Mchinji. Pali Mzuzu University, ndipo pali MUST ku Thyolo. Mwana satumiza kalata ku yunivesite iliyonse payokha. Amapempha kudzera ku NCHE, n'kusanja makosi amene akufuna motsatana, woyamba amene akuufunitsitsa. Kosi iliyonse ili ndi maphunziro ake amene imafuna. Udokotala ndi unamwino zimayang'ana Biology, Chemistry, Physics ndi Masamu. Uinjiniya sungalowe popanda Masamu ndi Physics olimba. Ngakhale zaulimi ku Bunda zimafuna sayansi, sikuti poti mwana amadziwa kulima ndiye basi walowa.

Komanso ma credit 6 amangokulowetsa pa mzere. Amene amawakwanitsa ndi ochuluka kuposa malo, ndiye ambiri amatsala ngakhale akuyenerera. Njira ya quota, imene inkagawa malo poyang'ana boma limene mwana akuchokera, inathetsedwa mu 2020. Mwana wanu wa pa CDSS ya kumudzi akulimbirana mpando womwewo ndi mwana wa ku Likuni Boys, wa ku Lilongwe Girls, wa ku Marist, ana ogonera konko, owerenga pa magetsi usiku uliwonse, belu likuwadzutsa. Sindikunena izi kuti ndikufooketseni. Ndikunena kuti mudziwe kutalika kwa ulendo musananyamuke. Inu a ku Nsaru ndi ku Kabudula mukudziwa bwino kuposa ine: amene akufuna mtengo wabwino ku okushoni ku Kanengo amayambira pa nazale, dzuwa likuswa mtengo, mvula isanagwe n'komwe. Palibe amene amayamba kusamala fodya tsiku limene lole yafika kudzanyamula mabelo. M'mera mpoyamba.

FOMU 1 NDI FOMU 2

Ana ambiri amatenga Fomu 1 ngati chaka chopuma. Avutika ndi mayeso a Sitandade 8, asankhidwa, avala yunifolomu yatsopano, ndiye amati tiwerenga tikafika Fomu 3. Apa m'pamene mpando umatayikira. Masamu ali ngati kumanga nyumba ya njerwa. Mzere wapansi ukapindika, khoma lonse limapindika. Mwana amene sanamvetse algebra ku Fomu 1 akafika Fomu 3 amangokopera za pa bolodi ngati zithunzi, kenaka amayamba kunena kuti Masamu ndi a anthu obadwa nawo. Si zoona. Anangosiyidwa pa siteji ina, basi inapita.

Iwe mwana wanga amene uli Fomu 1, tamvera. Tsiku lililonse usagone usanachite masamu asanu ndi dzanja lako, ngakhale aphunzitsi sanapereke ntchito. Tsiku lililonse uwerenge tsamba limodzi la Chingerezi mokweza mawu, kaya ndi buku la sukulu, kaya ndi nyuzipepala yakale imene anakulungira usipa. Mawu amene sukuwadziwa uwalembe kumbuyo kwa kope, mawa ukafunse. Nkhani za Chingerezi zikayamba pa wailesi usasinthe siteshoni. Anzako akakuseka kuti ukudzimva, aleke aseke. Pafupifupi mayeso onse, kupatula Chichewa, amafunsidwa m'Chingerezi, ndipo ana athu ambiri amalephera Biology osati chifukwa sakudziwa mtima ndi mapapo, koma funso lenilenilo sanalimve. Ukapanda kumvetsa m'kalasi, kweza dzanja. Mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Ku Fomu 2 kuli mayeso a JCE. Anali atathetsedwa kwa zaka zingapo, koma anabwereranso mu 2021. Makolo, musangofunsa kuti wakhoza kapena walephera. Tengani pepala la zotsatira, mukhale pansi ndi mwana, muone phunziro ndi phunziro. Ngati simudziwa kuwerenga, palibe chamanyazi, itanani mphunzitsi kapena mwana wa mnansi amene anamaliza sukulu akuwerengereni. JCE ndi galasi. Ikukuonetsani pamene pakudontha denga nthawi yofolera ikadalipo. Mwana akafooka pa Masamu ndi Chingerezi ku Fomu 2, tchuthi chimenecho chisathere kumsika kugulitsa mandasi. Chithere pa mabuku.

FOMU 3, PAMPHAMBANO

Apa ndi pamene mtsikana wathu uja anasochera, ndipo apa ndi pamene ndikupempha kholo lililonse kuti lidzuke. Poyamba Fomu 3 ana amasankha maphunziro oti apitirize nawo ndi oti asiye. Chisankho chimenechi chimachitika mwakachetechete, m'sabata imodzi, mwana wa zaka 15 kapena 16 ali yekha ndi anzake. Kunyumba sitidziwa n'komwe kuti kwachitika chinthu. Komatu sabata imeneyo ndi imene imatsegula kapena kutseka makosi a zaka zinayi kutsogolo. Ife akale tinkaphunzira Physical Science ngati phunziro limodzi. Lero analigawa pawiri, Physics payokha, Chemistry payokha, ndipo mwana akhoza kusiya limodzi kapena onse awiri osadziwa chimene wataya.

Ndiye Fomu 2 ikamatha, mufunseni mwana kuti akufuna kudzakhala ndani. Akayankha, musangoti Ambuye akuthandize. Pitani naye kwa aphunzitsi aakulu mukafunse kuti ntchito imeneyo imafuna maphunziro ati. Pezani wa foni ya intaneti akutsegulireni chilengezo cha NCHE cha chaka chathachi, muone ndi maso anu zimene kosiyo inafuna. Atsibweni, inu amene mawu anu amamveka pa ana a mlongo wanu, nkhani iyi ndi yanunso. Mumaitanidwa pa chinkhoswe, bwanji osaitanidwa posankha maphunziro? Ndipo mwana asasankhe kosi imodzi yokha mumtima. Akhale ndi yoyamba, yachiwiri ndi yachitatu, ndipo maphunziro ake akhale oti angalowere mbali zingapo. Kuthawa phunziro chifukwa ndi lovuta kumatsitsa mapointi pa pepala, inde, koma mapointi okongola opanda phunziro lofunika ali ngati kiyi wonyezimira wa chitseko china. Safunsa anadya phula.

Fomu 4 ndi chaka chachifupi kwambiri. Mukachotsa matchuthi, mayeso oyeserera ndi masiku a maliro, miyezi yophunzira imatsala yowerengeka. Chimenechi ndi chaka chobwereza ndi kuyankha mapepala a mayeso akale a MANEB, wotchi ili patebulo. Si chaka choyamba kuphunzira zimene zinadutsa ku Fomu 2. Komanso polembetsa mayeso onetsetsani kuti dzina ndi tsiku lobadwa zalembedwa molondola, ndipo zikufanana ndi za pa chiphaso cha unzika, chimene mwana amatha kutenga akakwanitsa zaka 16. Kuno kwathu mwana amakhala ndi dzina la kunyumba, dzina la kusukulu, nthawi zina mfunda wa bambo, nthawi zina wa agogo. Kachilembo kamodzi kosiyana kamadzayendetsa munthu maulendo a m'tauni pamene anzake akutumiza mapempho.

MAKOLO, TIKAMBIRANE ZOONA

Ine ndinakulira pa fodya, ndikudziwa kuti ntchito yake siyidikira munthu. Koma taonani mmene kalendala ya kumunda imagundirana ndi ya sukulu. Teremu yachiwiri, Januwale mpaka Malichi, ndi nthawi yothyola ndi kusoka fodya, ndiponso ndi nthawi imene ufa umatha m'nyumba. Teremu yachitatu, ya mayeso, ndi nthawi yokumba mtedza, kumenya soya, kukolola chimanga ndi kudinda mabelo. Mwana amajomba Lolemba chifukwa cha kuchigafa, Lachinayi chifukwa ndi tsiku la msika, ndipo timati n'zochepa, masiku awiri okha. Masiku awiri pa sabata kwa zaka zinayi, werengani nokha, ndi kuposa chaka chathunthu cha sukulu chotayika. Ndiye mwana yemweyo tikufuna akapikisane ndi wa ku Likuni?

Sindikuti mwana asagwire khasu. Agwire Loweruka, agwire pa tchuthi. Koma pakati pa sabata mpatseni maola awiri madzulo amene palibe womutuma. Makamaka atsikana. Mtsikana amachokera kusukulu atayenda mtunda wautali, n'kupita kumjigo, n'kuphika, n'kusambitsa ana, n'kutsuka mbale, pamene mchimwene wake ali pa bawo. Akamatsegula kope maso atalemera kale. Gawani ntchito mofanana. Ndipo za kumuuza mwana wa Fomu 2 kuti wakula, akwatiwe, zithe. Kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko lino salola ukwati wa munthu wosakwana zaka 18. Nanunso anyamata amene mtima uli ku Joni kapena pa njinga yamoto ya kabaza, Joni sikuthawa. Malizani kaye.

Za ndalama nazonso zimafuna kuyamba msanga. Ndaonapo mwana atasankhidwa, dzina lake lili pa mndandanda, koma pakhomo palibe ngakhale ya basi yopitira ku Mzuzu. Pali bungwe la boma lobwereketsa ndalama kwa ophunzira osowa, Higher Education Students' Loans and Grants Board, limene linakhazikitsidwa mu 2015. Mwana akasankhidwa apemphe ndithu. Koma si aliyense wopempha amene amalandira, ndipo ngongoleyo sigula bulangete, chikwama, kapena kulipira ndalama yotumizira pempho ku NCHE. Malangizo anga ndi a kumudzi: mwana akalowa Fomu 1, gulani mbuzi imodzi yaikazi, muitche mbuzi ya sukulu. Isaphedwe pa Khirisimasi, isagulitsidwe pa mlandu. Pofika Fomu 4, ikaswana bwino, muli ndi kakhola. Amayi a banki mkhonde, pogawana kumapeto kwa chaka patulani kagawo ka mwana wa sukulu musanagule chitenje. Pogulitsa soya, nyali ya sola ibwere patsogolo pa wailesi yatsopano.

Ndikudziwa zimene ena mulembe m'munsimu. "Abusa, mukulankhula ngati simukudziwa sukulu zathu. Labotale kulibe, buku limodzi ana khumi, mphunzitsi wa Physics mmodzi sukulu yonse, mwinanso kulibe." N'zoona, ndipo sindikubisa. Mwana wa kumudzi amayamba mpikisanowu ali kumbuyo, ndipo si chilungamo. Tiyenera kumalankhula za zimenezi m'makomiti a sukulu, kwa makhansala ndi kwa aphungu athu mosatopa. Koma pamene tikudikira labotale, mwana wanu akukula, sadikira. Kuchepa kwa zipangizo ndi chifukwa chenicheni choyambira msanga. Wa ku sukulu yogonera akhoza kugona Fomu 1 n'kudzathamanga pambuyo, ali ndi omukoka. Wathuyu alibe mwayi umenewo. Ana asanu a mudzi umodzi apange gulu lowerengera limodzi, asonkherane kugula buku limodzi la Chemistry, azisinthana. Ana athu amene ali ku Bunda, ku Zomba, ku Thyolo akabwera pa tchuthi, tisangowapatsa maikolofoni kuti apereke moni. Tiwapatse choko. Ndipo mukamva kuti sukulu ya mwana wanu siphunzitsa phunziro limene kosi yake ikufuna, mudziwe ali Fomu 2, nthawi yopempha malo kwina kapena kupeza womuthandiza ikadalipo.

Ena muti, "Kodi abusa ayamba kuchepetsa pemphero?" Ayi ndithu. Koma tsegulani Danieli chaputala 1 muwerenge nokha. Anyamata aja asanaimirire pamaso pa mfumu anaphunzitsidwa zaka zitatu, mabuku ndi chilankhulo cha eni dziko, chilankhulo chimene sichinali cha amayi awo. Anali anthu opemphera, koma m'kalasi analowa, ndipo tsiku lofunsidwa mafunso linawapeza okonzeka. Mulungu amakumbutsa munthu zimene anawerenga. Cholembera ndingachigwire ndi manja awiri, koma sichingalembe Chemistry amene mwana sanaphunzire.

Enanso muti, "Nanga onse angapite ku yunivesite?" Ayi, malo ndi ochepa, ndanena kale. Ndipo mwana amene sanasankhidwe sanathe ntchito. Pa Namitete pomwepa pali Namitete Technical College, kumene achinyamata amaphunzira ntchito zamanja pansi pa dongosolo la TEVET. Kuli makoleji a uphunzitsi, kuli Malawi College of Health Sciences. Mmisiri wodziwa ntchito yake sagona ndi njala. Koma dziwani kuti kumenekonso amafunsa satifiketi ya MSCE, kumenekonso ofuna malo ndi ambiri, ndipo Chingerezi, Masamu ndi sayansi zimayang'anidwanso. Mwana amene wakonzekera kuyambira Fomu 1 ngati akupita ku yunivesite, akaphonya kumeneko amagwera pabwino. Amene sanakonzekere amaphonya zonse.

NANENSO NDILI NDI MLANDU

Ndisamangoloza chala makolo. Ife a mpingo tadya nthawi ya ana ambiri. Lachiwiri kwaya, Lachitatu mapemphero a pakati pa sabata, Lachinayi kwaya kachiwiri, Lachisanu kuchezera usiku wonse, Loweruka ulendo wa achinyamata, Lamlungu tsiku lonse. Mwana akajomba timati wazirala. Mtsikana uja anali pa zonsezi, ndipo ine ndinkamutchula pa guwa ngati chitsanzo. Ndinalapa pamaso pa mpingo, ndipo ndikulapanso pano. Kwathu tinasintha. Mwana wa sukulu saloledwa kuchezera usiku pakati pa teremu. Kwaya ya achinyamata imakumana kamodzi pa sabata. Loweruka m'mawa tchalitchi chimatsegulidwa, mabenchi amakhala madesiki, sola ya zokuzira mawu imayatsa mababu madzulo kuti ana a pafupi adzawerenge. Teremu ikatha, mwana aliyense amabwera ndi lipoti lake la kusukulu, ndipo timakhala naye pansi pamodzi ndi aphunzitsi awiri a mumpingo mwathu. Abusa anzanga amene mukuwerenga, yesani. Chopereka sichitsika chifukwa choti ana akuwerenga.

Mukufuna kudziwa za mtsikana uja. Akanatha kupempha makosi ena ndi mapointi ake 15, ndipo ena anamulangiza choncho. Iye anakana, anati mtima wake uli pa odwala. Anabwerera ku Fomu 3 pa sukulu ya open, kukhala benchi limodzi ndi ana amene ankawaphunzitsa nyimbo ku Sande sukulu. Anthu anamuseka, ena anati mapointi aja anali abodza. Bambo ake anagulitsa ngolo kuti alipire. Anaphunzira Physics ndi Chemistry kuyambira pa tsamba loyamba, analembanso mayeso onse, ndipo lero akuphunzira unamwino. Ambuye alemekezeke! Koma musaiwale mtengo wake: zaka ziwiri za moyo wake, ngolo ya banja, ndi misozi yambiri. Zonsezi zikanapewedwa ndi funso limodzi lofunsidwa pa nthawi yake, ndi munthu mmodzi wamkulu, kaya bambo, kaya atsibweni, kaya ine. Ndipo si mwana aliyense amene ali ndi bambo wa ngolo yogulitsa. Ambiri akaphonya pamphambano paja sabwereranso.

Ndiye ntchito ya usiku uno ndi iyi. Mukatha kudya nsima, muitaneni mwana wanu wa sekondale. Mufunseni kuti akufuna kudzakhala ndani, akutenga maphunziro ati, ndipo teremu yathayi anapeza bwanji pa Chingerezi ndi Masamu. Akayankha mozemba, mawa m'mawa valani nsapato mupite naye kusukulu. Amene muli ku Joni kapena m'tauni ndipo ana ali ndi agogo kumudzi, imbani foni, ndalama yokha siyifunsa mafunso. Inu amene munadutsa ku yunivesite kuchokera ku CDSS za kuno kwathu, lembani m'munsimu mmene munachitira, ang'ono anu awerenge. Tumizani uthengawu ku gulu la WhatsApp la kumudzi kwanu ndi kwa kholo limene mwana wake wangoyamba Fomu 1.

Zolembera muzibwera nazobe, ndidzagwira. Koma chaka chino ndikufuna ndione makolo a Fomu 1 pa mzere womwewo, lipoti la mwana lili m'manja.

Ambuye akudalitseni nonse, pamodzi ndi ana anu. Ameni.